Dzanja Losafika ku Khutu

1. Kope la Mayi Soko

Anthu amene sanalerepo ana a eni amaganiza kuti ntchito imeneyi ndi kuimba ndi kuwomba m'manja basi. Edita Kamanga nayenso ankaganiza choncho tsiku limene ankachoka kwawo ku Chiparamba atasenza bokosi lake la malata. Miyezi khumi pa sukulu ya mkaka ku Chipata inamuchotsa maganizo amenewo.

Chinali chaka cha 1972, mwezi wa Novembala, mitambo ikungosonkhana koma mvula osagwa. Edita anali ndi zaka khumi, zisanu ndi ziwiri. Mayeso a Giredi Seveni anakhoza ndithu, koma malo a Fomu Wanu sanapezeke, monga zinkachitikira ana ambiri masiku amenewo. Ndiye bambo ake anamupereka kwa mlongo wawo, azakhali Rabecca, kuti azigona kumeneko n'kumaphunzira ntchito yolera ndi kuphunzitsa ana kwa Mayi Soko, amene ankayendetsa sukulu ya mkaka mu holo ya mpingo. Kwawo kunali kutali moti sakanatha kumayendera. Popanda denga la azakhali, ntchitoyo ikanathera pomwepo.

Tsiku lake linkayamba dzuwa lisanatuluke. Kwa azakhali ankasesa, kutunga madzi ndi kusambitsa Dolika, mwana wawo, amene nayenso ankaphunzira kwa Mayi Soko. Akafika ku holo ankasesanso, kutunganso madzi, kuyala mphasa ndi kutereka phala. Kenako ana makumi anayi ankalowa, aliyense ndi vuto lake. Uyu mamina, uyu chilonda kuphazi, uyu wadzinyowetsera, uyu akulirira amake. Nyimbo yowerengera zala Edita anali ataiimba kambirimbiri moti akanatha kuiimba ali m'tulo, ndipo masiku ena ankaiimbadi akusinza.

Koma chimene chinkamutopetsa koposa chinali kope. Ana akaweruka, msana ukuwawa, mutu ukulira ndi phokoso, Mayi Soko sankamulola kupita. Ankamukhazika pa benchi kuti alembe zimene waona mwa mwana aliyense tsiku limenelo: amene akutsokomola, amene wakana phala, amene wawerenga zitsekero za mabotolo mpaka khumi, ngakhale amene wagweluka dzino n'kukaliponya padenga.

"Amayi, kodi dzino nalonso ndi nkhani yolemba?" anafunsa tsiku lina Edita, kutopa kutamuchotsa mantha.

"Lemba," anatero Mayi Soko osadzutsa mutu.

Edita analemba, koma mumtima ankati kope limeneli lidzathera poyatsira moto.

2. Muyeso wa khutu

Lachisanu lina la mwezi womwewo wa Novembala linali tsiku lolemba ana a Giredi Wanu. Sukulu ya pulayimale yapafupi inali itapatula malo khumi ndi awiri a ana a kwa Mayi Soko, pamene ofuna malowo anali makumi awiri.

Lamulo linkati mwana ayambe sukulu ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Koma ndani anali ndi pepala la kubadwa? Ambiri anabadwira m'nyumba, ndipo amayi awo ankangokumbukira kuti inali nyengo yokumba mtedza kapena yakupsa mango. Makadi a ubatizo aphunzitsi anasiya kuwakhulupirira, chifukwa makolo ankabwerekana ngati mchere. Choncho muyeso unali umodzi. Mwana ankakweza dzanja lamanja, kulidutsitsa pamwamba pa mutu, n'kugwira khutu lamanzere. Wafika, walowa. Walephera, abwere chaka chamawa.

Pa ana onse, amene ankauopa muyesowu anali Zuhra, mwana wa Che Buruhani, mwini kasitolo ka nsalu pafupi ndi msika. Zuhra anabadwa mlungu umene mbendera yatsopano inakwezedwa, ndiye kuti anali ndi zaka zisanu ndi zitatu zathunthu. Ankawerenga mpaka handiredi ndipo dzina lake ankalilemba pamchenga osalakwitsa. Vuto lake linali msinkhu. Anali wamfupi, wa timikono tatifupi, ndipo chaka chapitacho anabwezedwa. Nthawi yopuma Edita ankamupeza kuseri kwa holo akukoka chigongono chake ndi dzanja linalo, misozi ili chuchuchu, osalira mokweza.

Lachitatu amake, Mayi Hadijah, anabwera kudzamutenga khanda lili kumbuyo. Anamukokera Edita pambali.

"Aticha aang'ono, abambo ake anena kale," anatero motsitsa mawu. "Akuti akabwezedwanso, basi, azikhala panyumba n'kumalera mng'ono wakeyu. Akuti mwana wamkulu chonchi sangamaimbe ndi makanda chaka chachitatu. Ine ndalankhula mpaka kukhosi kwauma."

Edita anangoti, "Ndamva, amayi."

Madzulo a Lachinayi anakhala pakhonde ndi azakhali akusenda mtedza. Dolika ankalumpha chingwe pabwalo. Anali mwana wamtali, wotengera bambo ake miyendo ndi mikono yomwe.

"Mawa Dolika akhala pamzere," anatero azakhali.

Edita anasiya kusenda. Tsiku limene Dolika anabadwa kumudzi iye analipo, ndipo ndi amene anathamanga kukaitana azamba.

"Azakhali, Dolika ali ndi zaka zisanu."

"Ahedi safunsa zaka, amafunsa khutu," anayankha azakhali. "Ukuona mmene anthu akudzadzira m'tauni muno? Chaka chamawa ana adzachuluka kawiri, malo adzakhala omwewo. Ine sukulu sindinaiponde. Kalata ya amuna anga amandiwerengera mwana wa eni. Mwana wanga sindimusiya panja pamene chitseko chatseguka. Iwe ntchito yako mawa ndi kuyendetsa ana pamsewu. Pakamwa utseke. Nyumba ino yakusunga miyezi khumi, usaiwale."

Sanakalipe ayi. Analankhula ngati munthu amene akupempha, ndipo n'chimene chinamulemera Edita kuposa kukalipa.

3. Mawu a Mayi Soko

Lachisanu m'mawa Mayi Soko anafika mochedwa, akuyenda pang'onopang'ono, mawondo atatupa. Anati atsala ndi ana aang'ono, ndipo ana a mzere awaperekeze Edita. Anamupatsa kope m'manja, n'kumuuza kuti akhale pansi kaye.

"Mwana wanga, tamvera," anayamba motero. "Ntchito ino ndinaiyamba tauni ino ikutchedwa Fort Jameson, ndipo ndalakwitsa zambiri. Chimodzi ndikuuze lero. Kunali mwana wina wamtali, wa mnzanga wa mu kwaya. Ndinkadziwa kuti ndi wamng'ono, koma ndinakhala chete, anagwira khutu, analowa. M'kalasi munali ana makumi asanu ndi limodzi, mphunzitsi mmodzi. Mwana uja ankagona pa desiki dzuwa likakwera, chifukwa thupi lake linkafunabe tulo ta masana. Ankamenyedwa chifukwa cha tulo, ankamenyedwa chifukwa cha kulemba. Pofika Giredi Thu ankabisala m'chimanga m'mawa uliwonse. Sukulu anaida mpaka lero. Ndipo mtsikana amene anabwezedwa tsiku limenelo kuti iye alowe ndimakumana naye pamsika. Amandipatsa moni bwinobwino, ana anayi ali pambuyo, koma ine ndimasowa poyang'ana."

Anapuma pang'ono n'kusisita bondo.

"Ukuganiza kuti ndimakulembetsa kope pofuna kukuzunza. Ndimakuona mmene umakwinyira nkhope. Mwana wamng'ono sangadzinenere yekha. Sangati ine ndakula, kapena ine sindinakonzeke. Makolo amamunenera, koma makolo amanena zimene mtima wawo ukufuna, ndipo sitingawaimbe mlandu. Ahedi amamuona mphindi imodzi. Iwe ndi amene wamuona chaka chonse, akudya, akugwa, akudwala. Ukakhala chete pamene ukudziwa, ndiye kuti chaka chonsecho unkangopukuta mamina. Sindikukutuma kukakangana ndi akuluakulu. Ukapereke ulemu, ukagwade. Koma akakufunsa, ukayankhe zimene ukudziwa. Zidzakuwawa nthawi zina, ndipo amene adzakukwiyire ndi anthu amene umawakonda. Ntchito yake ndi yotero. Ngati sungathe, unene msanga, ndikupezere ya kusoka."

Dzina la Dolika sanalitchule, koma maso awo anapita pamene mwanayo anaima atavala diresi la ku tchalitchi.

Kenako anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kiyi wa holo.

"Miyendo iyi yandikana. Kuyambira Lolemba uzitsegula ndiwe."

Edita analandira ndi manja awiri n'kumangirira kiyiyo pa ngodya ya chitenje chake. Kunena zoona sanasangalale. Anangomva ngati amuwonjezera mtolo wina pamutu.

4. Pansi pa mtengo wa mango

Anafika ku pulayimale dzuwa litakwera kale. Ahedi, Bambo Jairos Daka, anali atakhala pa tebulo pansi pa mtengo wa mango, buku lalikulu patsogolo. Anali atayesa kale ana a m'makomboni kuyambira m'mawa, ndipo malaya awo anali atanyowa ndi thukuta. Amayi anaima chapatali pafupi ndi mpanda. Azakhali Rabecca anali pomwepo, Mayi Hadijah anali kumapeto.

"Mwauka bwanji, ahedi? Ndabweretsa ana a kwa Mayi Soko," anatero Edita atagwada.

"Malo khumi ndi awiri," anatero ahedi. "Ayambe."

Ana anayamba kubwera mmodzimmodzi. Ena ankagwira khutu mosavuta. Ena ankapendeketsa mutu monga anawaphunzitsira kunyumba, ndipo ahedi ankangowongola mutuwo ndi chala. Zinkaoneka kuti machenjerero onse anawaona kale.

Zuhra anali wachikhumi ndi chisanu pamzere. Anakweza dzanja, analuma mlomo, anadzikoka mpaka kuimirira ndi zala za kumapazi, ngati kuti zimenezo zithandiza. Chala chake chapakati chinatsala pang'ono, mpata wongokwana njere ya chimanga.

"Chaka chamawa," anatero ahedi. "Wotsatira."

Zuhra sanalire. Anapita kukaima ndi obwezedwa, dzanja likadali pamutu.

Dolika anabwera pambuyo pa onse. Anagwira khutu n'kulikoka, akuseka, poganiza kuti ndi masewera. Ahedi analemba dzina lake pa mzere wa khumi ndi chiwiri n'kuyamba kutseka buku.

Edita anali ataima ndi kope m'khwapa. Miyendo inali itatopa, m'mimba munalibe kanthu, ndipo njira yosavuta inali pomwepo: kuthokoza, kufoletsa ana ndi kubwerera. Anayang'ana kumpanda n'kuona Mayi Hadijah akutembenuka kuti azipita. Anagwadanso.

"Pepani ahedi. Pali mwana mmodzi amene dzanja lamunamizira."

Ahedi anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Iwe ndiwe mphunzitsi?"

"Ndikuphunzira kumene."

"Ndiye ukufuna kundiphunzitsa ine?"

"Iyayi, ahedi. Ndikungopempha kuti muone zimene ndinalemba."

Anatsegula kope n'kuwerenga. Mwezi wa Febuluwale, Zuhra wagweluka dzino lachisanu. Mwezi wa Meyi, lachisanu ndi chimodzi, ndipo akutsogolo anayi amera kale aakulu. Mwezi wa Julayi, wawerenga mpaka handiredi. Mwezi wa Okutobala, amake anena kuti wakwanitsa zaka zisanu ndi zitatu, poti anabadwa mlungu wa ufulu.

Ahedi anatambasula dzanja n'kutenga kopelo. Anatsegula masamba angapo mwakachetechete. Kenako anamuitana Zuhra n'kumuuza kuti ayasamule. Mano ake akutsogolo anali aakulu, otakata, osagwirizana ndi kankhope kake.

"Uyu ndi wamkulu," anatero ahedi. Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Koma mtsikana iwe, madesiki sindiumba ndine. Malo ndi khumi ndi awiri. Kuti uyu alowe, wina atuluke."

5. Funso limodzi

Edita sanaganize kuti zifika pamenepo. Iye ankayesa kuti angowonjezera dzina limodzi kumapeto.

Ahedi anaimika ana khumi ndi awiri aja n'kuwauza kuti onse ayasamule. Ana anaona ngati zoseketsa. Ahediwo anayenda pamzerepo akusuzumira m'kamwa mwa aliyense. Uyu anali ndi mpata kutsogolo, uyu mano atsopano ongomera, uyu mipata iwiri. Atafika pa Dolika anaima. Mano ake onse anali aukhanda, ang'onoang'ono, oyera ngati mpunga, palibe ndi limodzi lomwe lochoka.

Anatsegula kope kufuna dzina la Dolika. Anapeza za chifuwa, za kugona masana, za kulira pamene anzake amulanda chidole. Za dzino munalibe.

"Mwana uyu ukumudziwa?" anafunsa.

"Ndi msuweni wanga, ahedi."

"Ali ndi zaka zingati?"

Edita sanayang'ane kumpanda, koma ankadziwa pamene azakhali aima. Akanatha kunena kuti sakudziwa, ndipo ahedi otopawo mwina akanangosiya. Dolika anamuyang'ana akumwetulira, pakamwa pakadali poyasamula.

"Zisanu," anatero Edita.

Ahedi anatenga rula, anadula mzere pa dzina la Dolika, n'kulemba la Zuhra pambali pake. Anabweza kope.

"Ukawauze Mayi Soko kuti chaka chamawa kope ili lizibwera limodzi ndi ana," anatero, n'kuitana gulu lina.

Zuhra anatsitsa dzanja lija tsopano. Anathamangira kwa amake n'kubisa nkhope mu chitenje chawo. Mayi Hadijah anayang'ana Edita, anaika dzanja pachifuwa n'kuwerama pang'ono. Pamene Edita analimba mtima kuyang'ana mbali inayo, azakhali anali atachoka kale.

Pobwerera Dolika anagwira dzanja la Edita njira yonse, akudumphadumpha.

"Asisi, ndiye kuti ndizibwerabe kwanu ku phala?"

"Uzibwerabe."

"Ndasangalala. Kuja kulibe mphasa zogonera."

Atafika ku holo Edita anafotokozera Mayi Soko zonse. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kungoti, "Wachita ntchito yako. Phala lako lili m'mbale, wadya?" Kenako anamupatsa tsache, poti mwana wina anali atasanza pakhomo.

6. Bokosi pakhonde

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Dolika anali atatengedwa kale masana ndi mayi woyandikana nawo. Edita atayang'ana pakhonde anaona bokosi lake la malata lili panja, bulangete lake litapindidwa bwino pamwamba. Ngakhale sopo wake wotsala anali atamukulunga m'kapepala.

Azakhali anatuluka n'kuima pakhomo. Maso awo anali ofiira.

"Pamaso pa amayi onse a m'komboni muno," anatero. "Wandisandutsa wabodza pamaso pa onse, chifukwa cha mwana wa eni. Sindikumenya, sindikutukwana, ndiwe mwana wa mlongo wanga. Koma sindingadye nawe mbale imodzi. Lole yopita kwanu imanyamuka mawa m'mawa pamsika. Lero ukagone kwa amene wawathandizawo."

"Azakhali, ndinafunsidwa."

"Inenso ndinakupempha," anatero azakhali, n'kulowa m'nyumba. Chitseko anachitseka pang'onopang'ono.

Edita anakhala pa bokosi lija. Anali atatopa moti ngakhale misozi sinabwere. Chisoni ndiye chinamugwira, chifukwa azakhali ankawakonda, ndipo miyezi khumi yonseyo sanamugonekepo ndi njala. Kunali kutatsala mwezi umodzi kuti amalize chaka chake kwa Mayi Soko. Kiyi wa holo ankamukanda m'chiuno pamene anamumangirira.

Dolika anatulukira kuseri kwa nyumba chala chili m'kamwa. Bokosilo sanalifunse n'komwe. Anadzakhala pambali pa Edita n'kumukoka mkono.

"Asisi, taonani. Likugwedera."

Edita anagwira dzino lapansi ndi chala. Linkagwederadi, pang'ono chabe.

"Mulembe m'kope," anatero Dolika. "Ngati la Zuhra."

Edita anatsegula kope pa mawondo ake, ananyowetsa pensulo ndi malovu, n'kulemba tsiku ndi dzina la Dolika. Atamaliza anamupukuta mwanayo mphuno ndi ngodya ya chitenje n'kumuuza kuti alowe kwa amake. Kenako anaika kope pamwamba pa bulangete, anasenza bokosi, n'kutsika pakhonde. Njira ya kumsika anaisiya kumanzere. Anatenga ya ku holo, osadziwa ngati Mayi Soko angalole munthu kugona pa mphasa za ana.